Mwininkhani wanga wachotsedwa ntchito, koma owerenga akuti buku lili ngati maliro

Funso: Ndine mphunzitsi wa Chichewa pasekondale ina kuno ku Blantyre. Kwa zaka ziwiri ndakhala ndikulemba nthano yaitali ya bambo wa ku Ndirande amene ankagwira ntchito pafakitale ku Makata, kenako anachotsedwa ntchito kwacha itagwa. Anzanga atatu awerengako mitu isanu yoyamba. Wina akuti ili ngati lipoti la bungwe, wina akuti ndi maliro kuyambira tsamba loyamba, wachitatu sanamalize n'komwe. Mavuto amene ndalembawo ndi enieni, ndinawaona ndi maso angawa. Ndikulakwitsa pati?

Yankho:

Aphunzitsi, anzanu atatuwo muwasunge, makamaka uyo sanamalizeyo, chifukwa ndiye wakuuzani zoona zosapsatira. Pantchito yanga yokonza zolemba za anthu zisanapite kosindikiza ndakumana ndi nthano zambiri za mtundu umenewu, ndipo nthenda yake imakhala imodzi. Mlembi amayamba munthu wake atagwa kale. Tsamba loyamba ana akulira njala, mayi wagwira kunkhongo, mvula ikudontha m'nyumba, bambo wazyolika pakhonde. Pofika mutu wachitatu palibenso kotsikira, ndiye mlembi amayamba kupha anthu kuti nkhani iyende.

Nkhani yanu si ya umphawi, ndi ya kutsika. Munthu wa pafakitale si wopemphapempha. Ali ndi wailesi, mipando imene anamaliza kulipira chaka chatha, mwana mmodzi kusukulu yolipira, foni, ndiponso dzina kumudzi kwawo: ndiye uja amatumiza ya feteleza, uja amagula bokosi pakagwa zovuta. Wowerenga ayenera kuona zonsezi zili m'malo mwake, azikonde, kenako aone zikuchoka chimodzichimodzi. Chofunika kwambiri n'chakuti chilichonse chikamachoka, pali munthu amene wakhumudwitsidwa nacho. Nthano ili pa anthuwo.

Musanakhudze mutu woyamba, sankhani chaka. Mwati "kwacha itagwa", koma kwacha yagwa kangapo, ndipo kugwa kulikonse kunali ndi fungo lakelake. Mu February 1994 boma linasiya kwacha kuti iziyenda yokha pamsika, nthawi imene dziko limalowa m'zipani zambiri. Zaka zotsatira zinali za kugulitsa makampani a boma, kaunjika n'kudzaza m'misika, mafakitale a nsalu ndi zovala n'kumapuma movutikira. Fakitale ya nsalu ya David Whitehead and Sons inagulitsidwa mu 2003. Mu 2011 vuto linali mizere ya mafuta, zigubu, kusowa kwa ndalama zakunja, mpaka zionetsero za pa 20 July zimene zinatengetsa miyoyo ya anthu pafupifupi 20. Pa 7 May 2012 dola inachoka pa K168 kufika pa K250. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inatsitsidwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka cha pa K1,180 kufika pa K1,700. Manambalawa musawaike m'buku monga ndawaikira pano, apo ayi mnzanu wa lipoti uja adzakhala kuti ananena zoona. Koma inu muwadziwe, chifukwa ndi amene adzakuuzani zimene zili m'thumba la munthu wanu. Ndalama ya pepala ya K1,000 inabwera mu 2012, ya K2,000 mu 2016, ya K5,000 mu 2022. Ndinawerengapo nthano ina ya nthawi ya njala ya 2002 momwe bambo anatulutsa K1,000 yapepala n'kutumiza ina pafoni. Wowerenga wa zaka 40 akaona zotere amatseka buku, ndipo sakhulupiriranso misozi ya m'mitu yotsatira.

Kenako mvetsetsani mmene kugwa kwa ndalama kumafikira pakhomo, chifukwa sikufika tsiku limodzi, ndipo kuchedwako ndiko kumapatsa nkhani miyendo. Chilengezo chimamveka pawailesi madzulo. M'mawa mwake mitengo ya m'sitolo yasintha kale, pa katundu yemwe uja anali pashelefu dzulo. Pakapita masiku ochepa mafuta akwera, minibasi yakwera, makala akwera poti obwera nawo panjinga nawonso amagula sopo. Malipiro okha ndiwo sasuntha; amadikira msonkhano wa mabwana umene udzachitike miyezi ingapo kutsogolo. Kufakitale nako, zipangizo zambiri zimachokera kunja, ndipo kubanki kulibe madola. Ndiye choyamba kutha ndi ovataimu, imene kwa ambiri ndiyo inkalipira lendi. Kenako mashifiti achepa. Kenako makina ena azimitsidwa, anthu akungosesa ndi kupenta zinthu zopentapenta kale. Kenako "kapumeni kaye kunyumba, tikuitanani". Kalata imabwera komalizira, anthu atatha miyezi akunong'onezana za mndandanda wa maina umene wina akuti anauona patebulo pa akalaliki. Mukaika kalatayo pamutu woyamba, mwataya mitu isanu ya mantha, miseche, kunyengerera kapitawo, ndi anthu amene ankadyera mbale imodzi ya zibwente pageti kuyamba kuyang'anana ndi diso la nkhwezule. Ine ndikanaika kalatayo chapakati pa buku.

Tsopano pakhomo. Apa ndi pamene olemba ambiri amachita ulesi n'kulemba kuti "zinthu zinafika povuta zedi". Mawu amenewo sapweteka munthu. Chimene chimapweteka ndi masamu. Banja la ku Ndirande siliyamba ndi kugona ndi njala. Limayamba ndi kusiya mkaka mu tiyi. Buledi alowedwa m'malo ndi mbatata kapena chinangwa, kenako mkute. Nyama ya pamapeto pa mwezi isanduka mapazi a nkhuku, kenako bonya, kenako bonya yemweyo wothira madzi ambiri kuti msuzi ukwanire. Thumba la chimanga la makilogalamu 50 lisanduka ndowa, ndowa isanduka wokomani, kapaketi ka ufa ka madzulo amodzi. Mafuta ophikira achoka m'botolo n'kulowa m'kachubu. Bambo asiya kukwera minibasi, azidzuka kusanache n'kuyenda wapansi, n'kumanena kuti adokotala amalimbikitsa kuyenda. Ndondomeko imeneyi banja lililonse lili ndi yake, ndipo chimene munthu amakana kutaya mpaka komaliza ndicho chimakuuzani kuti iye ndani. Wina agulitsa matiresi koma wailesi ayi. Wina adya kamodzi patsiku koma chakhumi satsalira. Mwininkhani wanu akukana kutaya chiyani? Ngati simungayankhe msanga, simunamudziwe.

Ndikupatseni chitsanzo cha kwathu. Amalume anga anachotsedwa ntchito pafakitale ina ndili mwana, ndikukhala kwawo. Kwa masabata atatu sanauze munthu. M'mawa uliwonse ankasita ovolosi yawo ndi simbi ya makala, kupukuta jombo, kutenga kachikwama kawo, n'kutuluka pa nthawi yomwe ija. Madzulo ankabwera atatopa zenizeni, poti ankayenda geti ndi geti kufunsa ntchito. Azakhali anadziwa pa tsiku lachitatu. Anadziwira ovolosi: inkabwerako yoyera, yopanda girizi, madzi ochapira osada. Sanafunse kanthu. Anangoyamba kuwapatsira mbatata ziwiri m'kachikwamamo, chinthu chimene sankachita kale chifukwa kuntchito ankapatsidwa nkhomaliro. Amalume ankalandira mbatatazo osayang'ana nkhope ya akazi awo. Palibe analira, palibe anatchula mawu oti mavuto. Koma mpaka lero sindingaone mbatata yootcha itakulungidwa m'nyuzipepala osakumbuka masabata atatu aja. M'mitu yanu isanuyo, fufuzani paliponse pamene mwalemba kuti munthu "anamva chisoni chachikulu", ndipo dzifunseni kuti manja ake ankachita chiyani nthawi imeneyo.

Nkhani ya amalumeyo ikukuonetsaninso china: anthu athu salankhula za umphawi wawo molunjika. Mukamva bambo akunena kuti "ndine wosauka, ndilibe chakudya", ameneyo ali pamaso pa alendo a bungwe. Kwa mnzake amati "kunjaku kwaterera", "tikungoona kucha", "bola moyo", "mwezi uno watalika". Mayi akapita kwa neba sanena kuti kwathu kulibe ufa, amati wabwera kudzapala moto, acheza za kwaya, ndipo akamatsanzika m'pamene amati, "Kaya muli nako kaufa pang'ono, ndibweza abambo akabwera." Onse awiri akudziwa kuti abambowo sabwera ndi kanthu. Zokambirana za ampangankhani anu zizizungulira chonchi. Ndipo muchepetse miyambi. Pokhala mphunzitsi wa Chichewa muli nayo yambiri, ndikudziwa, koma munthu amene mwana wake wabwezedwa kusukulu sayankhula ngati mfumu pabwalo. Mwambi umodzi woikidwa m'kamwa moyenera ukwanira. "Kupatsa n'kuika" ukanenedwa ndi mlamu amene akukumbutsa ngongole, osati ndi gogo wopereka malangizo, umaluma.

Tifike pa anthu amene ali ndi mbali pa malipiro a bamboyo, poti malipiro a munthu mmodzi wa ku Makata amadyetsa makomo angapo. Pali alandilodi. Olemba ambiri amawapanga chilombo chamimba yaikulu chobwera ndi loko. Yesani kuwapanga mayi wamasiye amene amuna awo anawasiyira timanyumba tinayi tazidina, ndipo lendiyo ndiyo mankhwala awo a shuga ndi fizi ya adzukulu. Akagogoda pa 5 koloko m'mawa, wowerenga asadziwe woti amuikire kumbuyo. Pali mwini okala amene ali ndi kope la ngongole, ndipo naye koodako akumuuza kuti mitengo yasintha, ngongole ayi. Tsiku limene adzabise kopelo pansi pa kauntala ataona mwana wa mwininkhani akubwera ndi tsiku lalikulu m'buku lanu kuposa maliro aliwonse. Pali mayi ake kumudzi, ku Thyolo kapena ku Chiradzulu, amene amangoflasha foni mu October, ndipo iye akudziwa kuti ndi za feteleza. Pali wakatapila amene amasunga khadi la kubanki, woti ukatenga K20,000 ubweza K30,000 mwezi ukatha, ndipo nthawi zambiri si mlendo, ndi mnzake wa pamakina oyandikana. Pali amayi a banki m'khonde, anthu opemphera limodzi ndi mkazi wake, amene tsiku lina adzabwera gulu kudzanyamula mapoto ndi mipando, akuyankhula mwaulemu, ena akuyang'ana pansi. Mukakhala ndi anthu amenewa, simufunikanso kupeka ngozi ya galimoto. Muike K15,000 m'manja mwa mwininkhani, anthu anayi oyenera kulandira ndalamayo, ndi usiku umodzi woti asankhe.

Za mkazi wake ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa ndi pamene zolemba za abambo zimagwera kawirikawiri, ndipo za amayi zina nazonso. Mkazi wa m'nthano zoterezi amakhala wa mitundu iwiri yokha: wopirira amene amangopemphera, kapena wolongolola amene amathawira kwa mwamuna wandalama. Pitani mumsika wa Ndirande kapena wa Limbe mukaone amene akugwira chuma cha m'makomo ntchito zikatha. Ndi amayi a mandasi, a tomato, a makala a m'timapepala, ochapa zovala ku Nyambadwe ndi ku Namiwawa, osenza mchenga mumtsinje wa Nasolo. Bambo akakhala pansi, kampamba ka mayi ka K10,000 ndiko kamasanduka fakitale ya pakhomo. Zikatero mphamvu m'nyumba zimasuntha, ndipo palibe amene anakonzekera. Bambo amene ankasiya ya ndiwo patebulo tsopano akupempha ya fodya. Mayi amene ankafunsa chilolezo chopita kumsika tsopano akubisa ndalama ya maoda m'chitini cha mchere, osati chifukwa chodana ndi mwamuna wake, koma chifukwa akudziwa kuti akaiona adzaitumiza kumudzi, ndipo mawa sipadzakhala chokazingira. Kodi akulakwa? Musayankhe inu. Mupatseni mayiyu mitu yakeyake, wowerenga aone ndi maso ake. Mwana wamkulu wamkazi nayenso muzimuyang'anitsitsa, chifukwa ana amawerenga nkhope za makolo msanga kuposa mmene makolo amaganizira, ndipo amayamba kunama kuti akhuta.

Mnzanu wa maliro uja akudandaulanso china chimene mwina sanachitchule: m'buku lanu mulibe kuseka. Koma kulibe malo kumene anthu amaseka kwambiri ngati pamzere. Amene anatcha kapaketi ka ufa kuti wokomani sanali munthu wokhuta. Pamzere wa chimanga ku ADMARC, pageti podikira ganyu, pabawo pansi pa mtengo, pokangana za Bullets ndi Wanderers, anthu amagemulana mopanda chisoni, ndipo nthabwala zake zimakhala zakuthwa kuposa ndemanga za pawailesi. Muikemo mkulu wina wa ku Theba, mmodzi mwa aja anasiya kupita kumigodi ya ku Joni kulemba anthu kutaimitsidwa mu 1988, amene mpaka lero akudikira ndalama zake ndipo amalonjeza aliyense kuti zikangobwera amugulira njinga. Anthu amamuseka, komanso mwininkhani wanu akamuyang'ana akuona kumene iye akulowera. Muikemonso tsiku labwino: ganyu yapezeka, nkhuku yagulidwa mopanda nzeru pomwe lendi sinalipidwe, ana adya mpaka kugona pamphasa ndi manja osasamba. Wowerenga wokhuta adzati kuwononga. Wowerenga amene anadutsamo adzadziwa chifukwa chake nkhukuyo inayenera kugulidwa.

Pa za mabwana ndi andale ndinene mwachidule. Musabweretse nduna kapena mzungu wa bungwe lobwereketsa maiko ndalama la IMF kuti adzalankhule m'buku. Munthu wa ku Ndirande sakumana nawo. Amakumana ndi mlonda wa pageti amene dzulo anali mnzake, kalaliki amene akuti fayilo sikuoneka, ndi mawu a pawailesi onena kuti timange malamba. Mkwiyo wanu pa ndondomeko za chuma ndi woyenera, koma ukalowa m'kamwa mwa mpangankhani n'kukhala ndime zitatu, buku laima. Ampangankhani azitsutsana okha m'minibasi, wina akuti ndi boma, wina akuti ndi amwenye a masitolo, wina akuti ndi masiku otsiriza, kondakitala n'kudula nkhani ndi mtengo watsopano.

Kumene mungapeze nkhani yeniyeni ya maofesi ndi pa ndalama zimene wochotsedwa ntchito amayembekeza. Lamulo la ntchito la 2000 limapereka ndalama ya chipukutamisozi kwa wochotsedwa chifukwa choti kampani yachepetsa anthu. Kuyambira 2011 penshoni inakhala yokakamiza, wolemba ntchito kuikapo 10 peresenti, wantchito 5 peresenti. Ndiye munthu wanu ali ndi ndalama papepala, koma m'thumba mulibe. Akuyenda ku leba, kukhoti la za ntchito, kuofesi ya penshoni, wapansi, atanyamula envulopu ya khaki imene ikunka nifewa ndi thukuta. Ngongole zonse akutenga ponena kuti "zanga zikatuluka". Zikadzatuluka, kwacha idzakhala itadyako mbali, ndipo eni ngongole adzamva tsiku lomwelo, iye asanafike n'komwe pakhomo. Funsani munthu wa kubungwe la apantchito kapena amene anadutsamo kuti akufotokozereni mapepala ake ndi nthawi yodikira monga zinalili m'chaka chimene mwasankha, poti malamulowa akhala akusintha.

Musaiwalenso kalendala. Kuchotsedwa ntchito mu May, chimanga chili mbwee ndipo kumudzi angakutumizireni thumba, n'kosiyana ndi kuchotsedwa mu December, kutsogolo kuli January wa fizi ndi February wa njala, denga likudontha, makala anyowa. Chiperoni cha mu June chimapweteka mwa mtundu wina bulangete likakhala kuti linapita kwa wakatapila. Nyengo izikuthandizani kukankha nkhani m'malo moti muzingoitchula poyamba mutu.

Pofufuza, musapite ndi kope kukafunsa anthu kuti "mumavutika bwanji". Adzakuyankhani za bungwe. Afunseni mitengo: lendi inali zingati, ndowa ya madzi pakiyosiki inali zingati, chinayamba kugulitsidwa m'nyumba n'chiyani, anagula ndani, ndipo kodi amachionabe kwa amene anagulayo. Funso lomalizali limatsegula pakamwa. Mipando yako ikakhala pabalaza pa neba, ndipo ukapita kukapepesa maliro n'kukhala pampando wako womwe, ndi nkhani imene munthu saiwala. Muwauze kuti mukulemba buku, ndipo musinthe zonse zimene zingawazindikiritse. Ku Ndirande anthu amadziwana.

Mathero ndiwo adzakuvuteni. Mayesero ndi awiri: kupulumutsa banja ndi mlamu wochokera ku Joni kapena mwana wopambana mayeso n'kupeza mwayi wa sukulu yakunja, kapena kupha bamboyo kuti wowerenga alire. Zonse ziwiri n'kuthawa. Anthu ambiri ochotsedwa ntchito safa ndipo sapulumuka; amasanduka anthu ena. Wina ali pakabaza, wina ndi mlonda wa usiku panyumba ya munthu wa msinkhu wa mwana wake, wina wabwerera kumudzi kukapempha malo kwa alongo ake amene ankawatumizira ndalama, wina akuthandiza mkazi wake kukanda mandasi 3 koloko m'mawa ndipo wapeza kuti amatha. Amalume anga anathera pa kuwotcherera mbaula ndi ndowa pamsika. Ovolosi ija anaivala mpaka inatha, ndipo dzina la kampani la pamsana azakhali analisomola ndi lezala usiku wina, ulusi umodziumodzi, osafunsa mwini wake.

Mitu isanu mwalembayo musaitaye. Ikhoza kukhala mutu wa 9 mpaka 13. Kalembeni mutu woyamba watsopano, tsiku la malipiro, chaka chimodzi kwacha isanagwe, bamboyo akutsika minibasi ndi jumbo ya nyama, buledi ndi shuga wa mayi ake, ana a neba akumuthamangira. Mukamaliza, mukapatse mnzanu amene sanamalize uja, ndipo mukamufunse tsamba limene anaima.